Wosatha kutaya asafulule

Kuyambira Novembala mpaka Januwale, msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota kukafika ku Nkhata Bay, umanunkha mango. Pansi pa mtengo uliwonse ali mbwee, ana atopa nawo, mbuzi ndi nkhumba zakhuta, ndipo ndowa yodzaza maboloma ikupita pa mtengo wolira. Nyengo yachisanu ikafika, zomwezo zimachitikira manachesi a ku Mwanza. Ku Mulanje ndi nanazi, kumapiri a Dedza ndi masuku, kuchigwa cha Shire ndi masau. Munthu woganiza sangaone zimenezi osadzifunsa ngati chuma chonsechi chiyenera kuthera pansi chaka ndi chaka.

Yankho limodzi ndi vinyo, ndipo si maloto ayi. Ku Lilongwe a Linga Wine akhala zaka zambiri akupanga vinyo wa magwafa, mapulamu, mabulosi, jambula ndi chidede. Ku Karonga kuli amayi a m'makopaletivi amene amasandutsa nthochi zopsetsa kukhala vinyo wa m'botolo. Chiyambire pologalamu ya One Village One Product mu 2003, alangizi akhala akulimbikitsa magulu a kumudzi kuti asamangogulitsa zokolola zosakonza. Njirayo ilipo ndithu. Koma panjirapo pali mbuna imene amagweramo ndi anthu akhama, osati aulesi. Nkhani ili m'munsiyi ndi fanizo, komabe chilichonse chochitika mu diramu yake n'chimene chimachitikadi mu diramu ina iliyonse ikasamalidwa motero.

M'mudzi wina kufupi ndi nyanja munali gulu la banki m'khonde, amayi 15 ndi abambo atatu. Mwa iwo munali gogo wina wamasiye amene pa utsikana wake adaphikirapo masisitere pa mishoni, ndipo kumeneko adaphunzira kufulula vinyo wa zipatso. Chaka china mango atachuluka, gogoyo adapempha gulu kuti limubwereke ndalama ya shuga.

Kafululidwe kake kadali kotopetsa kuonerera. Mango ankathyola mumtengo, okhwima bwino, ndipo lililonse lobooka, lothudzuka kapena lokhala ndi banga lakuda ankaliponyera nkhumba. Otsalawo adawatsuka, kuwasenda, n'kudula mnofu wokhawokha wokwana makilogalamu 7. Ndowa adagula yatsopano, ya malita 20, n'kuitsuka ndi madzi owira. Madzi othira m'menemo adayamba wawawiritsa n'kuwasiya azizire. Adasungunuliramo makilogalamu atatu a shuga, kufinyiramo mandimu, kuwaza kasupuni ka yisiti, kenaka kumanga pakamwa pa ndowa ndi nsalu yochapa bwino. Kwa sabata yathunthu ankatakasa m'mawa ndi madzulo ndi mthiko umene sudalowepo mu mphika wa nsima.

Sabatayo itatha adasefa, madziwo n'kuwathira m'chigubu mpaka pafupi ndi khosi. Pa chitsekerero adaboola kabowo, kulowetsapo kapaipi, kumata m'mbali mwake ndi phula, ndipo mbali ina ya kapaipiko adaimiza m'botolo la madzi. Chigubucho adachiika pakona yozizira ya nyumba yake yaudzu, atachikulunga ndi chiguduli chimene ankachinyowetsa tsiku lililonse. Usiku adzukulu ankagona akumva botolo lija likuti bwibwibwi.

Palibe chimene gogoyo ankachita mongotsata mwambo. Yisiti ndi tizilombo tamoyo timene timadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri: ukali wa mowa ndi mpweya. Magalamu 17 a shuga pa lita imodzi amapereka pafupifupi 1 peresenti ya ukali, choncho vinyo wa 11 kapena 12 peresenti, amene angasungike osaonongeka, amafuna magalamu pafupifupi 200 pa lita, kuphatikiza shuga wa m'chipatso momwemo. Mandimu ndi achitetezo: mango, nthochi ndi mapapaya ali ndi asidi wochepa, pamene tizilombo tambiri todwalitsa anthu sitiswana m'madzi owawasa. Kapaipi kaja ndi mlonda wa pakhomo. Mpweya wa m'chigubu umatuluka, koma wa panja sulowa, pakuti pali mtundu wina wa tizilombo umene ukapeza mpweya wa panja umasandutsa mowa kukhala viniga. Louis Pasteur adaonetsa zimenezi ku France m'zaka za m'ma 1860, pamene alimi a mphesa ankadandaula kuti vinyo wawo akusasa m'migolo. Gogoyo dzina la Pasteur sadalimvepo, koma zimene adapeza ankazichita ndi manja.

Kubwibwitza kutaleka, sadathamangire kutsegula. Adadikira milungu ina, nsenga zonse zidakhazikika pansi, adatsanulira madzi oyera m'chigubu china mosakhuvula, n'kudikiranso. Vinyoyo adalawidwa pa Pasaka. Adali woyera mbee ngati tiyi wopanda mkaka wosapsetsa, wonunkhira mango, wosakanda pakhosi. Mabotolo owerengeka amene adatuluka adatha pa chinkhoswe chimodzi, ndipo mbiri yake idakafika kuboma.

Kumapeto kwa Novembala wotsatira kudabwera bambo wina wamalonda amene mwana wake ankamanga ukwati tsiku lotsatana ndi Khirisimasi. Adafuna mabotolo 200, ndipo chikole adasiya pompo. Gulu lidakumana pansi pa mtengo wa mango, nkhope zili mwee.

Gogo uja yekha ndiye sadasekerere. "Ana inu, milungu inayi vinyo sapsa. Abwanawo muwabwezere ndalama yawo, muwalonjeze wa Pasaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mlembi wa gululo adali mnyamata wa Fomu 4, wochangamuka, ndipo foni yake ndiyo idali laibulale ya mudzi. "Agogo, ndalama yabwera yokha pakhomo ndiye tiipirikitse? Ine ndaona pa intaneti, anthu akupanga m'masiku 10 okha. Ndiponso masiku ano azungu akufuna wachilengedwe, wosathira yisiti, wosawiritsa madzi. Za kwa masisitere zija n'zakale."

Mayi tcheya adayesa kuyanjanitsa. "Amayi, mawu anu tawamva. Koma mwezi wa mawa uno tikugawana masheya, feteleza sitinagule, ana akufuna fizi. Tiyeni tingoyesa."

"Yesani," adatero gogoyo akudzambatuka. "Koma dzanja langa lisakhalepo."

Mnyamatayo sadaname kotheratu. Vinyo wowira ndi yisiti ya pa khungu la chipatso alipodi, ndipo ali ndi msika wake. Ku Beaujolais, m'dziko la France, alimi ngati Marcel Lapierre adatchuka m'zaka za m'ma 1980 chifukwa chofulula motero potsata malangizo a Jules Chauvet. Ku Normandy, ku Somerset ndi ku Asturias ambiri amafulula mowa wa maapozi mwa njira yomweyo. Chimene foni sidamuuze n'chakuti anthu amenewa amakhwimitsa ukhondo kwambiri. Popeza ambiri mwa iwo sathira mankhwala otetezera, amasankha chipatso chimodzichimodzi, ndipo amatsuka ziwiya mpaka kutopa. Maapozi awo amakololedwa nyengo yawo yachisanu ikuyandikira, ndipo madzi ake amawira pang'onopang'ono m'nyumba zozizira kwa miyezi. Ku Georgia, kumene kufulula m'mitsuko yadothi kudalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2013, mitsukoyo amaikwirira pansi kuti isatenthe. Palibe mwa iwo amene amafulula pa kutentha kwa ku Salima mu Disembala, ndipo palibe amene amamaliza m'masiku 10.

Gulu lidayamba ndi mango. Kuthyola makilogalamu 70 mumtengo kudaoneka kuchedwetsa, ndiye adatuma ana kukatola apansi. Adabwera nawo othudzuka, amphutsi, ena atamera chuku choyera ndi chobiriwira. Mayi wina adazengereza, koma mlembi adamuseka: popeza akukawola kale mu diramu, kuwolera pansi kwalakwika pati? Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kuwira ndi ntchito ya yisiti, pamene kuwola ndi ntchito ya chuku ndi tizilombo tina tosawerengeka. Chipatso chathunthu chimalowa mu diramu ndi yisiti yochepa ndi adani ochepa, ndipo yisiti imapambana. Chowola chimalowa ndi khamu la adani amene adayamba kale kudya shuga n'kupanga viniga. Mitundu ina ya chuku imasiyanso chiphe m'chipatso, monga muja ichitira m'mtedza ndi m'chimanga chosauma bwino.

Kenaka diramu. Yatsopano idali yodula, ndiye msungichuma adagula yakale yapulasitiki pa tsiku la msika, ya malita 200, yobiriwira. Idali ndi kafungo kachilendo ndipo pepala la pambali pake lidali lokandidwa. Adaitsuka ndi sopo katatu n'kunena kuti yayera. Koma pulasitiki imamwa zimene yasunga, ndipo sopo safika kumene mankhwala adalowerera. Mowa ndi asidi ndizo zimafikako, n'kuwasungunula pang'onopang'ono. N'chifukwa chake chigubu chimene chidasungapo mankhwala opopera thonje, mafuta a galimoto kapena chinthu chosadziwika sichiyenera kuona chakumwa mpaka kalekale. Ndowa yachitsulo nayonso siyenera, chifukwa asidi wa zipatso amadya chitsulo chopakidwa pamwamba pake n'kuchilowetsa m'chakumwacho.

Diramuyo adaiika m'khitchini yamalata ya msungichuma, madzi adatunga pa mjigo n'kuthira osawiritsa, pamwamba n'kungoyala thumba. Vinyo wa zipatso amawira bwino pakati pa madigiri 18 ndi 25. Kupitirira madigiri 35 yisiti imafooka n'kuleka ntchito shuga asanathe. Pamenepo n'kuti kuwira kwenikweniko kumatulutsa kutentha kwake, ndipo diramu yaikulu sitaya kutenthako msanga monga chichitira chigubu chaching'ono. Masiku atatu oyamba thovu lidasefukira, anthu n'kumaombera m'manja. Tsiku lachisanu kudali zii. Tintchentche ta zipatso tidapeza mpata pansi pa thumba lija, ndipo timiyendo tawo tidanyamula tizilombo ta viniga kuchokera kudzala.

Pofika tsiku la 10, pamwamba padali kachikopa kotuwa, ndipo fungo lake lidali la viniga wosakanikirana ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Usiku umenewo mayi tcheya adatunga pang'ono m'kapu n'kupita kwa gogo uja mozemba.

Gogoyo adangonunkhiza, osalawa. "Mwanawe, kumbani dzenje kutali ndi mjigo, mutayemo zonse. Diramuyo muiboole pansi kuti wina asadzatungiremo madzi."

"Amayi, muli shuga wa gulu lonse m'menemo. Chikole tidadya kale. Palibe chothiramo kuti chikonzeke?"

"Palibe. Vinyo amasanduka viniga, koma viniga sabwerera kukhala vinyo. Lero mukutaya shuga. Mukakakamira mudzataya zoposa shuga."

Usiku umenewo chitayiko cha gululo chidali chowerengeka ndi zala: makilogalamu 30 a shuga, mtengo wa diramu, chikole chofunika kubweza, ndi manyazi okaima pamaso pa bambo wamalonda uja. Zowawa ndithu, koma zoti gulu la anthu 18 likadazisenza n'kuiwala pofika kukolola. Cholemera kwenikweni sichidali ndalama. Kudali kuvomera pagulu kuti gogo adanena zoona, ndi kuona ndi maso thukuta lawo likumwedwa ndi dothi. Anthu amene adakula akuuzidwa kuti chakudya satayira pansi, kukhuthula malita 200 kumawaonekera ngati tchimo.

Ndiye adasankha kupulumutsa. Pofuna kubisa kuwawasa adathiramo shuga wina wambiri. Pofuna kuti mumveke ukali umene yisiti idalephera kupanga, mlembi adakagula chigubu cha sipiliti kwa munthu wina wa pa siteji, chopanda chizindikiro, chotchipa kuposa kachasu. Adasefa pa chitenje, kuthira m'mabotolo otoleza m'mashopu ndi m'malo omwera, kutseka zolimba, n'kuunjika m'makatoni pansi pa malata omwe aja.

Yisiti ndi tizilombo tinzake sizidafe zonse. Zitapeza shuga watsopano zidadzuka, ndipo tsopano mpweya udalibe kapaipi kotulukira. Opanga champagne amathira dala magalamu 24 okha a shuga pa lita asanatseke botolo, ndipo mpweya wobadwa m'menemo umakankha mwamphamvu kuposa wa m'tayala la galimoto kawiri ndi kupitirira. N'chifukwa chake botolo lawo n'lochindikala ndipo chitsekerero amachimanga ndi waya. Gululi lidathira shuga woposa pamenepo, m'mabotolo opyapyala, ena okhala ndi ming'alu yosaoneka.

Patatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, msungichuma adatuma mwana wake wamkazi wa zaka 12 kuti atulutse makatoni. Botolo lidaphulikira m'manja mwake. Galasi lidamucheka tsaya ndi chikope, ndipo kachidutswa kena kadalowa m'diso. Adamuthamangitsira kuchipatala pa kabaza wanjinga yamoto, nsalu ili magazi okhaokha.

Umenewu udali mpata wachiwiri wotaya, ndipo nawonso adaukana. Tsopano kudali bilu ya mayendedwe ndi mankhwala, choncho ndalama yotsala ya bambo wamalonda idafunika kuposa kale. Adamasula zitsekerero kuti mpweya utuluke, kutsekanso, n'kukapereka katunduyo. Kuphwandoko ambiri adangolawa n'kulavula. Koma paukwati sipasowa amuna angapo amene chaulere sachisiya, ndipo iwo adamwa mpaka usiku.

M'mawa mwake adadzuka ndi mutu, kusanza ndi kupotokola m'mimba. Onse adati ndi matsire. Mmodzi adagona tsiku lonse, ndipo pofika mawa linalo ankati akuona ngati kwachita chifunga dzuwa lili phwee. Pamene abale adaganiza zopita naye kuchipatala n'kuti nthawi itapita. Moyo udapulumuka, koma maso sadabwerere mwakale.

Umu ndi mmene imapwetekera methanol, sipiliti wa m'mafakitale amene fungo ndi kakomedwe kake n'zovuta kusiyanitsa ndi mowa. Poyamba munthu amangoledzera monga mwa masiku onse. Pakapita maola 12 mpaka 24, nthawi zina kuposerapo, thupi limakhala litaisandutsa asidi amene amaononga mtsempha wa maso. Mamililita 10 okha, masupuni awiri a tiyi, angathe kuchititsa khungu, ndipo 30 angathe kupha. Zipatso zikamawira zimatulutsa methanol pang'ono mwachibadwa, koma mu vinyo wofululidwa bwino imakhala yochepa kwambiri moti sivulaza. Ngozi zazikulu zimachokera ku zothiramo pofuna kuonjezera ukali. Munthu amene wamwa chakumwa chokayikitsa n'kuyamba kuona zachimbuuzi, kupuma mofulumira kapena kusanza kosaleka asadikire kuti matsire athe. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, botolo lake alinyamule.

Mbiri itabwerera kumudzi, palibe adatchula mango apansi, diramu ya pamsika kapena chigubu cha pa siteji. Anthu adakumbukira mawu amodzi okha: dzanja langa lisakhalepo. Adakumbukiranso kuti gogoyo adati mudzataya zoposa shuga. Adadziwa bwanji? Kudayamba manong'onong'o akuti nsanje idamupweteka poona kuti ana amulanda luso, ndipo adalodza diramu. Anyamata ena adagenda nyumba yake usiku.

Nkhani idafika kubwalo. Mwayi wake, amfumu adaitana mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndipo iye asanamve mboni ina iliyonse adapempha kuti diramu ibwere. Adanyowetsa pepala lokandidwa lija, ndipo pakona pake padaoneka chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Adafunsa kumene mango adachokera, ana adayankha okha. Adafunsa chimene adathiramo kuti chikhale chaukali, mlembi adazolika. Amfumu adakumbutsa bwalo kuti lamulo la dziko lino, lochokera mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo adagamula kuti ogenda aja akakonze chitseko cha gogoyo n'kupepesa ndi nkhuku.

Amene akuyesa kuti fanizoli lakokomeza akumbukire zimene zidachitikira anansi athu ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mu Januwale 2015 anthu ochokera kumaliro adamwa mowa wamasese wofululidwa m'mudzi momwemo. Oposa 230 adadwala, ndipo 75 adamwalira, kuphatikizapo mayi amene adafulula mowawo. Mphekesera idawanda msanga, mpaka m'nyuzipepala za maiko akutali, yakuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu adayang'anana ndi diso lokayikira kwa miyezi. Mu Novembala chaka chomwecho zotsatira za kupima zidatuluka: mudalibe ndulu ya ng'ona, mudalibenso dzanja la mdani. Mudali chiphe chotchedwa bongkrekic acid, chopangidwa ndi kachilombo ka Burkholderia gladioli kamene kadaswana mu ufa wa chimanga. Ufawo udanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuonongeka. Eni ake adaona kuti sungaphikidwe nsima, koma adadera nkhawa kuutaya, ndiye adaupereka kuti ukafululidwe mowa poganiza kuti kumowa chilichonse chimalowa. Chiphe chimenechi sichifa ndi moto, ndipo chilibe mankhwala ochithetsa. Udali mowa wa chimanga, osati vinyo wa zipatso, koma ganizo limene lidapha anthu 75 ndi lomwe lija la mango apansi: n'zoipa kudya, koma n'zabwino kufulula.

Tsono amene akufuna kulowa m'ntchito imeneyi, payekha kapena pagulu, aphunzire kusefa ndi kupima, koma ayambe waphunzira kutaya, ndipo akonze ntchito yake mwa njira yoti kutayako kusamugwetse. Zigubu 10 za malita 20 zimaposa diramu imodzi ya malita 200. Sizitentha msanga, zimanyamulika, ndipo chimodzi chikasasa mumakhuthula chimodzicho mtima uli m'malo, zisanu ndi zinayi zili chitsalire. Powerengera mtengo wa botolo, muikiremo kale kuti zigubu zina sizidzafika pamsika. Gulu ligwirizane lisanagule shuga kuti ndani ali ndi mawu omaliza onena kuti ichi chitayidwe, ndipo akhale munthu wa mphuno yodziwa, osati wosunga ndalama. Chikole cha tsiku limene vinyo sangapse musalandire, pakuti ndalama yodyeratu ndiyo imatseka mphuno.

Zina n'zazing'ono koma zimapulumutsa. Kachipangizo kotchedwa hydrometer kamaonetsa shuga wotsala m'madzi: poyamba kamaima pafupi ndi 1.085, ndipo kakatsika kufika pansi pa 1.000 n'kukhala pomwepo kwa masiku angapo, ndiye kuti kuwira kwathadi ndipo botolo lingatsekedwe. Wofuna vinyo wotsekemera asathire shuga n'kutseka basi. Atenthetse mabotolowo m'madzi a madigiri pafupifupi 65 kuti yisiti ife, kapena asiye womwayo adzithirire yekha m'kapu. Wofulula mapichesi ndi mapulamu achotse nthangala zake osaziswa, chifukwa m'kati mwake muli chinthu chimene chimatulutsa chiphe cha cyanide. Chilichonse chilembedwe m'kope: tsiku, chipatso, shuga, chigubu chake. Vinyo wa zipatso zabwino amene wasasa m'chiwiya choyera sanatayike, ameneyo ndi viniga wothira m'ndiwo ndipo agulitsidwe ndi dzina limenelo. Koma wa zipatso zowola, wa m'chiwiya chokayikitsa, kapena wothiridwa chinthu chimene simungachitchule pamaso pa womwayo, malo ake ndi dzenje.

Wogulitsa ayendenso njira ya boma. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limapima zakudya ndi zakumwa zopita pamsika, ndipo chiphaso chogulitsira mowa chimachokera kukhonsolo. Ambiri amaziona ngati zotchinga wosauka. Koma labotale imaona zimene lilime silingamve, ndipo tsiku limene wina adzadwale atamwa zakwanu, pepala lopimira ndi kope lija ndizo zidzakuyankhireni.

Gulu lija silidagawane masheya chaka chimenecho. Ndalama zonse zidapita kuchipatala, kwa bambo wamalonda ndi kubanja la munthu wa maso uja, ndipo sizidakwane. Mwana wa msungichuma adabwerera kusukulu ndi chipsera ndi diso limodzi loona mwa apo ndi apo. Mango atapsanso, mayi tcheya adapita kwa gogo uja ndi nkhuku m'manja kukapempha kuti ayambirenso, ulendo uno momvera. Gogoyo nkhuku adalandira, koma kuphunzitsa adakana. Adati munthu amene wamugenda usiku sungamuonetsenso chimene umathira m'chigubu, chifukwa tsiku lina mwana akadzatsegula m'mimba adzakumbukira kuti unathiramo kanthu. Motero mudzi udataya munthu yekhayo amene ankadziwa kusandutsa mango kukhala chuma, pofuna kupulumutsa makilogalamu 30 a shuga amene adali ataonongeka kale.